Ndinawatengera amayi kunyanja pa Mother's Day, iwo n'kumakapepesa pamalo poti talipira

Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali, ndimati ndingoisiya ipite koma ikundikanabe, ndiye bola ndingoilemba mwina mtima ukhalako pansi. Dzina la hotelayo sinditchula. Ili mu msewu wopita ku Monkey Bay uja mukadutsa pa Mangochi boma, ndipo kumeneko malo ogona alipo ambirimbiri, ena abwino ndithu, ndiye musati ndikunyoza onse ayi.

Amayi anga ali ndi zaka 68, kwathu ndi ku Chiradzulu, ndipo mpaka chaka cha 2024 anali asanaionepo nyanja ndi maso awo. Usipa adya moyo wawo wonse, utaka, chambo mwa apo ndi apo, koma kumene zimachokera ankangomva kwa anthu. Bambo atamwalira anatilera ndi geni ya zitumbuwa ndi tomato, ana anayi, palibe anasiyira sukulu panjira. Ndiye ine ndi amuna anga tinagwirizana kale mu Juni kuti pa 15 Okutobala chaka chimenecho, tsiku la Mother's Day, tisangowagulira chitenje ndi shuga ngati zaka zonse, tiwatengere kunyanja akagone pa hotela, aphikiridwe, ayaliridwe bedi, kamodzi kokha m'moyo mwawo wina awatumikire iwowo. Ndalama yake ndinachita kulowa chipereganyu kuntchito, miyezi inayi ndikudzimana.

Ndinaimba foni mu Ogasiti. Ndinanena momveka bwino, zipinda ziwiri zoyandikana, zapafupi ndi kodyera chifukwa amayi mawondo amawavuta, tili ndi ana awiri wazaka 9 ndi wazaka 4. Dipoziti ndinatumiza theka lonse pa Airtel Money, anandiyankha pa WhatsApp kuti zonse zili m'malo madam tikudikira. Meseji imeneyo ndikadali nayo. Zithunzi za pa Facebook pawo ndiye musanene, mchenga mbee, puulu madzi ake a buluu, ana akusewera pa katungwe.

Mother's Day inali Lachiwiri, ife tinanyamuka ku Blantyre Lolemba m'mawa. Mukukumbukira mmene mafuta ankavutira nthawi imeneyo, amuna anga anatha Loweruka lonse pamzere kuti tipeze petulo wa ulendowu, makilomita pafupifupi 190 kupita kokha. Koma mumsewu munali chisangalalo chokhachokha. Amayi atchena chitenje chawo chatsopano, duku lake lomwelo, pamiyendo kadengu ka nthochi ndi mbatata yophika chifukwa iwo ulendo wopanda kamba saudziwa. Titafika pa Liwonde tikuwoloka Shire pa baraji paja anagwira mpando n'kufunsa kuti "nyanja ija ndi imeneyi?" ana kuseka, wamkulu kuwauza kuti agogo uwu ndi mtsinje chabe dikirani muone. Kudutsa Ulongwe, milambe ikuluikulu ija, migwalangwa, anthu akugulitsa mikeka ndi madengu m'mbali mwa msewu, amayi chilichonse kufunsa. Ndinali ndisanawaonepo akuyankhula chonchija.

Tinafika cha m'ma 2 koloko masana, dzuwa la Mangochi mu Okutobala mukulidziwa, thukuta kamukamu. Mtsikana wa pa risepishoni sanadzutse n'komwe mutu, moni ayi, "dzina?" basi. Kufufuza m'buku, kuimba foni, kutuluka, kubwera, kenako akuti chipinda chilipo chimodzi, chinacho apatsa gulu lina lomwe lalipira zonse. Ndinamuonetsa meseji, ndinamuonetsa umboni wa dipoziti, iye akuti amene munkayankhula nawo ali ofu, dikirani amanijala. Tinadikira maola awiri.

Chomwe chinandilasa chinachitika mkati modikiramo. Pa risepishoni mipando inalipo iwiri yokha ndipo panali anthu, ndiye amayi anatuluka kukakhala pamthunzi pakhonde, anakhalira chikwama chawo cha ukwati watha chija kadengu kali pambali. Ine ndili mkati ndikulimbana ndi za chipinda ndinangomva mawu panja, mlonda akuti "mayi, ogulitsa malonda pano saloledwa, tiyeni panja pa geti." Ndikutuluka ndinapeza amayi adzuka kale, movutika ndi mawondo awo aja, akunyamula dengu, akuwomba m'manja pang'onopang'ono, "pepani bambo, sindimadziwa, pepani." Akupepesa. Mayi anga, pa ulendo wa tsiku lawo, pamalo poti mwana wawo walipira. Ndinamva kutentha thupi lonse, mawu anandithawa, amuna anga ndi amene anayankhula kuti achimwene awa ndi apongozi anga, ndi alendo anu pano. Mlonda anangoti "ooh" n'kubwerera ku geti. Pepani sanamutchule.

Ndipo amayi anandikoka dzanja n'kundinong'oneza, "usalongolole mwanangu, tili kwa eni." Mawu amenewa anawabwereza mwina kakhumi masiku awiri amenewo, ndipo ulendo uliwonse ankandibaya kuposa zonse zowonongeka zomwe ndinene pansipa.

Amanijala sanabwere, anangolamula pa foni kuti atipatse chipinda chimodzicho aikemo matilesi owonjezera pansi, chachiwiri chipezeka mawa. Chipindacho chinali kumapeto kwenikweni, kutali ndi kodyera. Kungotsegula chitseko fungo la chinyontho linatilandira, pakhoma pali mzere wakuda wofika m'mawondo kuzungulira chipinda chonse, penti akusupuka, kabati yafufuma pansi chitseko chake sichitsekeka. Izi ndinazimvetsa chifukwa tonse tinaona chaka chimenecho mmene nyanja inakwerera, cha m'ma Epulo madzi analowa m'malo ogona ambiri ku Mangochi kuno ngakhale m'nyumba za anthu, zithunzi zinali ponseponse. Limenelo si vuto la mwini hotela, madzi sungawaletse. Koma munthu ukudziwa kuti chipinda chako munalowa madzi ndipo sunakonze, bwanji osandiuza pa foni paja? Bwanji kusiya zithunzi zakale pa Facebook, mtengo n'kukhala womwewo? Akanandiuza chilungamo mwina ndikanabwerabe, koma ndikudziwa chomwe ndikugula.

Eyakoni ilipo pakhoma koma rimoti akuti inasowa. Fani imodzi yolira ngati chigayo. Neti ya pabedi lalikulu inali ndi zibowo zoti chibakera n'kulowa, ya pamatilesi apansi kunalibiretu, ku Mangochi, kumene udzudzu ndi malungo aliyense akudziwa, ndili ndi mwana wazaka 4. Ndinachita kumanga zibowozo ndi timphira ta tsitsi ta mwana wanga. Kubafa shawa ikungodontha timadontho, chimbudzi chosagejemuka, matawulo awiri anthu asanu. Nyanja ili apo mamita ochepa, ukuimva ikuwomba, koma mumpopi mulibe madzi. Amayi anangoyang'ana uku ndi uku n'kunena kuti "ndi pabwino, pali simenti," kenako akufuna agone iwo pansi kuti ife tigone pabedi. Tinakangana pang'ono mpaka anavomera bedi ndi adzukulu awo, ife awiri pansi. Mkamwini kugona chipinda chimodzi ndi apongozi, inu amene mukudziwa mwambo wathu mukumvetsa manyazi ake. Amuna anga anakasinthira zovala m'galimoto masiku onse awiri, ndipo amayi ankagona atafunda chitenje mpaka kumutu kutentha konse kuja.

Madzulo tinati tiiwale, tikadye chambo, si ndi chimene tabwerera. Tinaitanitsa hafu pasiti sikisi. Chakudya chinafika 9 koloko itatsala pang'ono, wamng'ono atagona kale pamiyendo ya agogo ake ndi njala, atangodya nthochi za m'kadengu zija zomwe zinawachititsa manyazi masana. Tebulo la pafupi nafe panakhala azungu anayi omwe anabwera ife tilipo kale, iwo anadya n'kumaliza ife tisanaone ndi madzi osamba m'manja omwe. Mwina anaodetsa masana, sindikufuna kunamizira munthu. Koma zomwe ndinaona ndi maso anga ndi zoti weta ankapita yekha pa tebulo lawo kukafunsa ngati zonse zili bwino, pomwe ife kukweza dzanja katatu kanayi iye kumangoti "ndikubwera." Ndipo mukayang'ana m'malo odyeramo, matebulo ena onse anali Amalawi, mabanja ngati ife, ndife tinadzaza malowo. Ndalama yathu ndi yomweyo, sinalembedwe kuti iyi yachokera ku chipereganyu.

Chambo chake chitabwera amayi anayang'ana n'kufunsa mwaulemu kuti kodi si kasawala ameneyu. Kansomba kosakwana chikhatho, kouma ngati kakazingidwa dzulo, nsima yozizira yoti yachita chikhakha pamwamba. Weta, mnyamata wooneka wotopa kwambiri, anatiuza kuti chambo chachikulu chikusowa ndipo chikapezeka n'chodula. Zimenezo n'zoona, aliyense wa ku Mangochi akuuzani kuti chambo cha m'nyanja chinachepa kusiyana ndi kale, china chomwe timagula m'tauni masiku ano n'choweta m'makhola a m'madzi. Koma pa menyu mtengo unali wa chambo chachikulu. Titamaliza amayi anayamba kusonkhanitsa mbale, kupukuta tebulo ndi dzanja, akufuna akapereke okha kukhitchini kuti mnyamatayo asavutike. Ndinawagwira dzanja, amayi khalani pansi lero si tsiku lanu logwira ntchito. Anakhala koma ukuona kuti sakumasuka.

Cha m'ma 10 magetsi anazima. Kuzima kwa magetsi tinazolowera tonse, koma pa foni paja ndinafunsa za jenereta ndipo anati ilipo. Inalipodi, inalira, koma inkayatsa ku bala kokha kumene kunali nyimbo, kuzipinda mdima wa ndiwe yani, akuti dizilo ndi wochepa. Fani zii. M'chipinda muja munasanduka uvuni, wamng'ono kulira, udzudzu kuimba m'makutu. Ndinayatsa tochi ya pafoni ndinapeza amayi akhala tsonga pabedi akumukupiza mwana ndi chikatoni cha mabisiketi, pang'onopang'ono, akumuimbira chapansipansi ngati mmene ankatichitira ife. Thukuta likuyenderera m'khosi mwawo. Ndinalira mwakachetechete kuti asandimve, chifukwa ndinawabweretsa kuti adzapume.

Kutentha kutanyanya tonse tinatuluka kukakhala pamchenga. Ndipo apa ndi pamene panachitika chinthu chokhacho chokoma pa ulendo wonsewu. Kutsogolo kwathu m'madzi, kutali, kunali timagetsi tambirimbiri tandandalika mzere, tikuphethira. Amayi anafunsa kuti tauni imeneyo ndi iti, kutsidyako magetsi sanazime bwanji? Amuna anga anawafotokozera kuti si tauni, ndi asodzi a usipa, amayatsa nyali pabwato usiku usipa n'kumasonkhana pa kuwalako, anzawo n'kuzungulira ndi khoka lija amati chilimira. Amayi anakhala chete nthawi yaitali kenako anati "ndiye usipa ndimagula pa msika uja anthu amachezera nawo chonchi usiku wonse pamadzi?" Tinakhala pamenepo mpaka cha m'ma 1, kamphepo kakuwomba, ana agona pa chitenje. Chimenechi hotela sinatipatse, chinalipo kale.

Kutacha, Mother's Day yeniyeniyo. Chipinda chachiwiri chija osachitchulanso, titafunsa akuti anthu aja awonjezera tsiku. Bulekifasi tiyi wofunda, buledi magawo awiri, dzira limodzi, mkaka watha. Kuyambira 9 koloko mabasi ndi maminibasi anayamba kulowa, anthu olipira pa geti odzangocheza masana, makula bokosi, mbaula za nyama, masipika. Ine sindidana nawo anthu amenewa, nyanja ndi yathu tonse ndipo Mother's Day anthu amapita kunyanja kuyambira kale, ifenso tikanakhala pafupi tikanabwera choncho. Koma ngati walowetsa anthu mazanamazana ndipo watolera ndalama pa geti, konza zimbudzi zokwanira, ika migolo ya zinyalala, ika munthu woyang'anira osambira. Kunalibe ngakhale chingwe chosonyeza polekezera, ana ang'onoang'ono akulowa m'madzi pakati pa anthu oledzera, chonsecho chaka ndi chaka apolisi amachenjeza za kumira kunyanja nthawi ya tchuthi ngati imeneyi. Ndinafunsa wantchito wina ngati mbali ya mabango ija ndi yabwino kusambako, poganizira likodzo ndi ng'ona, anangokweza mapewa.

Puulu ya pa chithunzi ija madzi ake anali obiriwira, achule ali momo. Katungwe unyolo umodzi unaduka, wangolendewera. Malo olembedwa kuti ndi a mabanja, mwana alibe posewera.

Cha m'ma 11 wamkulu akuthamanga pamchenga anaponda botolo losweka la mowa. Chidendene chinang'ambika, magazi ngati wazinga nkhuku, mwana kukuwa. Ndinamunyamula kuthamangira ku risepishoni, bokosi la first aid analitulutsa, mkati muli thonje lakuda ndi sizasi basi, pulasitala ayi, spiriti ayi. Amene anatithandiza ndi mayi wina wokolopa m'zipinda, Chichewa chake chomveka Chiyao, anasiya mopu n'kuthamanga kukhitchini kukatenga madzi otentha ndi mchere, anang'amba kansalu koyera n'kumumanga mwana bwinobwino akumutonthoza, "basi bambo, basi, mwalimba mtima." Amuna anga anapita naye ku kachipatala kapafupi komwe anamusoka. Mayi yemweyo madzulo anatibweretsera ndowa ziwiri za madzi atasenza pamutu kuti amayi asambe, osatumidwa ndi munthu. Anakhala pakhonde ndi amayi akucheza ngati anadziwana kale, ndipo ndinamumva akunena kuti malipiro awo achedwa, mwezi wathawu sanalandire. Ndiye ndikamadandaula pano sindikunena mayi ameneyu kapena weta wotopa uja. Munthu wosalipidwa, woti akutumikira matebulo khumi yekha, ungamuyembekezere kumwetulira mpaka liti? Vuto lili pamwamba, kwa amene amatolera ndalama n'kumasowa alendo akamawafuna.

Amanijala ndinawaona Lachitatu m'mawa, nthawi yolipira, apo ndiye anapezeka. Bilu inabwera ya zipinda ziwiri masiku awiri, pamwamba pake VAT ya 16.5 peresenti ndi tourism levy, msonkho wa zokopa alendo. Ndinawafunsa kuti bwana chipinda chachiwiricho tinagonamo liti? Akuti pepani ndi kompyuta, anachotsa, koma matilesi apansi aja anawerengera ngati bedi lowonjezera. Ndinawafotokozera zonse chimodzichimodzi, madzi, magetsi, neti, botolo, ndili ndi lisiti la kuchipatala m'manja. Yankho lawo linali lakuti madam mumvetse ino ndi sizoni, anthu achuluka, komanso zinthu zadula kuchokera pomwe kwacha inagwa. Inde inagwa, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti, koma inagwera tonse, inenso malipiro anga ndi omwewo ndipo ndi chifukwa chake ndalama imeneyi inandiwawa kuipeza. Kugwa kwa kwacha sikuletsa munthu kupereka moni kapena kutola mabotolo pamchenga.

Pamapeto ndinawauza kuti za ndalama zisiyeni, ndikupempha chimodzi chokha, amayi anga ali panjapo, mlonda wanu anawathamangitsa ngati ogulitsa malonda, tiyeni mukawapepese. Anandiyang'ana ngati ndanena zachilendo, akuti alondawo ndi a kampani ina si athu, koma tiwauza. Sanadzuke pampando. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti umusamale chifukwa sakhalitsa, koma pamenepa ndinaona kuti iwo amawerengera zoti mame akakamuka mawa kugwa ena. Analonjeza kuti andibwezera kangachepe pa foni sabata yomweyo. Ndinakumbutsa kawiri pa WhatsApp, mameseji akuwerengedwa, yankho palibe mpaka lero.

Pobwerera sitinafune kuti ulendo uthere pamenepo ndiye tinaima pa boma. Tinawaonetsa amayi nsanja ya wotchi ija ya Queen Victoria pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen yomwe inamenya nawo nkhondo panyanja mu 1914, ndi chikumbutso cha anthu omwe anamira pa sitima ya Vipya mu 1946. Wamkulu akutsimphina ndi bandeji yake ankawawerengera agogo ake zolembedwazo. Tinaima pa mlatho kuyang'ana Shire akutsika kupita ku Malombe, amuna anga akuwauza kuti madzi omwewa ndi amene tinawoloka pa Liwonde, ndi omwenso amakapukusa magetsi ku Nkula ndi Tedzani. Kenako tinalowa mu kalesitilanti kena kakang'ono cha kumsika, mabenchi a matabwa, nsalu ya pulasitiki patebulo. Mayi wa pamenepo atangowaona amayi anabwera ndi beseni ndi jagi, anagwada, "agogo takulandirani, mwayenda bwanji, sambani." Chambo chinadzaza mbale mutu ndi mchira kutulukira, nsima yotentha ya utsi, masamba otendera, mtengo wake sunafike ndi theka la wa kuhotela. Amayi anadya mpaka mutu, kuyamwa minga imodziimodzi, anapempha nsima ina. Apa sananene kuti tili kwa eni.

Tili mumsewu cha ku Ulongwe anandiitana kuchokera kumbuyo, "iwe, mlonda uja usakamunenerenso, angamuchotse ntchito, ali ndi ana ameneyo." Ndinangoti chabwino amayi, kukhosi kuli chinthu.

Anatunga madzi a m'nyanja mu kabotolo ka Sobo m'mawa wa tsiku lonyamuka, sindinawaone n'komwe nthawi yomwe anatungira. Kabotoloko kali pawindo kwawo ku Chiradzulu mpaka pano, amayi a mvano akabwera amawaonetsa n'kuwasimbira za tauni ya nyali ya pamadzi yomwe si tauni. Mwezi watha ndinkacheza ndi mng'ono wanga amene amakhala nawo, ndinatchula za mlonda uja ndikuganiza kuti akudziwa. Anadabwa, akuti amayi sanamuuzepo zimenezo, iwo amangonena kuti anagona pa hotela ndipo anawalandira bwino.